Mdzukulu wa aNakhumwa ndi Foda ya Manda

Ndiyambe ndi kuvomera, anthu aleke kulozerana zala: amene anafufuta foda ya aNakhumwa ndine. Si vayirasi monga ahedi analengezera pa asembule. Si magetsi. Si mizimunso monga amayi a m'komboni ankanong'onezerana pa mjigo. Ndine Chisomo, panthawiyo wa Fomu 3, ndi chala changa chamkombaphala chomwechi. Ndipo ndisaname, mphindi makumi awiri zoyambirira zinali zokoma kwabasi.

Sabata yatha tinakwanitsa chaka chiikire aNakhumwa m'manda. Madamu Chikopa, aphunzitsi athu a kompyuta, atanena kuti wina alembe za iwo tikapachike pa bolodi, kalasi yonse inatembenukira kwa ine. Ndiye nayi nkhaniyo.

ANakhumwa anathera mphamvu zawo zonse mu ofesi ya esiteti, m'kachipinda kopanda windo kodzaza makabati achitsulo. Anali kalaliki wa mafayilo. Munthu akalembedwa ntchito yothyola tiyi, fayilo yake ankatsegula ndi iwo. Akachoka kapena akamwalira, ankaitsekanso ndi iwo. Atapuma pantchito, sukulu yathu inalandira makompyuta asanu ndi atatu akalekale, ndipo panafunika munthu wosunga makiyi ndi kupukuta fumbi. Iwo anabwerera fumbilo basi. Koma patatha miyezi itatu anali akutayipa ndi zala ziwiri ngati nkhuku yojompha chimanga, ndipo chaka chisanathe anali akukangana ndi Madamu pa nkhani za silabasi.

Jekete la bulauni sankavula, ngakhale mu Okutobala. Pensulo inkakhala kukhutu ngakhale mu labu munalibe pepala. Tiyi sankamwa, ankati anamununkhiza mokwanira. Kompyuta iliyonse ankaifunditsa chitenje madzulo ngati mwana wodwala malungo. Koma chimene chinkatipha ndi chakuti asanadine mausi, ankayamba anyambita chala, ngati akufuna kutembenuza tsamba. Ine ndinkawatsanzira bwino kwambiri, mpaka anyamata ankagwa m'mipando. Tinkawatcha aFayilo. Ankadziwa, ndipo ankayankha.

Chikhulupiriro chawo chinali chimodzi: chinthu chopanda dzina komanso chopanda malo ake n'chotayika kale, ngakhale chili m'manja mwako. Akaona munthu wasunga ntchito yake poyera pa sikirini, n'kuitcha "homuweki", ina "homuweki yeniyeni", ina "yeniyeni yomaliza", ankaima kumbuyo kwake n'kupuma mokweza mpaka mwini wakeyo thukuta kamukamu. Ankati kuteroko n'chimodzimodzi kusiya dengu la tiyi pakati pa msewu n'kumayembekeza kuti lidzipititsa lokha ku fakitale.

Mkangano wawo woyamba ndi Madamu unali wa mtengo. Madamu anajambula pa bolodi momwe mafoda amakhalira, muzu pamwamba, nthambi zikutsika pansi.

"Madamu, pepani," anatero aNakhumwa ali pakhomo ndi kansalu kawo kopukutira. "Mtengo wa mizu kumwamba, kwathu timautcha dzina lina."

"Ndi momwe zilili m'buku, bambo Nakhumwa."

"Bukulo silinafikeko ku Thyolo kuno. Anawa anabadwira m'tiyi. Auzeni kuti esiteti ili ndi madivishoni, divishoni ili ndi minda, munda uli ndi mizere. Ukafuna munthu umatchula zonsezo motsatana. Basi, foda ndi imeneyo."

Madamu anawapatsa choko mwaukali, poganiza kuti achita manyazi. Sanachite. Anatiuza kuti disiki ya m'kati mwa kompyuta ndi munda waukulu wogawidwa timagawo ting'onoting'ono tofanana, kalikonse ndi nambala yake. Fayilo ikabwera, kompyuta imayang'ana timagawo topanda mwini n'kuigoneka pamenepo. Ikakula, malo oyandikana atatengedwa kale, imaiduladula, mutu kuno, miyendo kutsidya. Chimene chimalumikiza zonsezo ndi buku la kapitawo lomwe kompyuta imasunga payokha, lonena kuti fayilo yakuti ili pa kagawo kakuti ndi kakuti. Foda nayo, anatero, si bokosi ayi. Ndi tsamba chabe la mayina.

Pa mayeso a teremu imeneyo tonse tinakhoza funso limenelo. Madamu sanawathokoze, koma mtengo wozondoka uja sanaujambulenso.

Pa mkangano wachiwiri, wolondola anali Madamu, ndipo ndikanakonda aNakhumwa akanagonja. Madamu ankawauza kuti zolemba zawo azikopera pa fulashi, zikhale pawiri. Iwo ankakana. Ankati fulashi ndi ntchentche, imatera paliponse n'kubweretsa matenda. Zinthu zawo zinali pa kompyuta ya pakona basi, nambala eyiti, mu foda yolembedwa ndi zilembo zazikulu: MANDA.

Kuseri kwa munda wa nambala naini, m'mabulugamu, kuli manda a anthu ogwira ntchito. Ambiri ogona kumeneko anachokera kutsidya kwa malire, ku Mozambique, ali anyamata ndi atsikana, nafera kuno opanda m'bale wowaikira chiliza. Pamitumbira palibe mayina. Koma aNakhumwa, potseka fayilo ya womwalira, ankalemba ndi pensulo kuseri kwa chikuto kuti wagona mzere wakuti, pakati pa uje ndi uje. Palibe anawatuma. Mafayilo aja chiswe chitayamba kuwadya, anakopera mayina onse m'kope lawo. Kopelo linanyowa chaka chimene mphepo inasasula denga la nyumba yawo, koma apo n'kuti atatayipa kale zonse pa nambala eyiti. Mizere khumi ndi iwiri, mzere uliwonse fayilo yake. Sankalemba dzina lokha. Ankalemba mudzi wa munthuyo, munda umene ankathyola, ngati ankaimba, ngati anali wandewu. Akakumbukira kanthu ankawonjezera, mwezi ndi mwezi, chifukwa ankadziwa kuti mutu wawo wayamba kudontha.

Ine zonsezi ndinkazidziwa. Ndinkadziwanso kuti Loweruka kukubwera mayi wina wochokera kutsidya, Mayi Rozalina, kudzaona pamene panagona bambo awo omwe anawasiya ali khanda. ANakhumwa anali atauza aliyense, mpaka wa kabaza. Ndikanakonda kunena kuti sindinkadziwa.

Mapulani anga sanali oipa. Lachinayi masana, iwo atapita kukatsuka kansalu kawo, ndinakokera chizindikiro cha MANDA kuchoka pa sikirini kupita pa fulashi yanga. Kenako ndinalowa m'kati mwa disiki, ndinapeza foda ija pamalo pake, ndinaifufuta, n'kukhuthulanso bini kuti asaipeze msanga. Mawa lake ndiwasiye afufuze pang'ono, kenako ine nditulukire ngati wamatsenga. Popeza nthawi inalipo, ndinatsitsiranso pa kompyutayo mavidiyo atatu a mpira omwe ndinali nawo pa fulashi, kuti anyamata tidzaonere Lolemba.

Lachisanu m'mawa kunali chiperoni. Iwo anavundukula chitenje, anakhala pansi, ananyambita chala, n'kudina. Kompyuta inati chimene mukufunacho sichikupezeka. Ananyambitanso chala. Chimodzimodzi. Anavula magalasi, anawapukuta, n'kusuzumira kuseri kwa sikirini ngati fodayo yagwera kumeneko. Apa m'pamene ine ndinaluma kolala ya yunifomu kuti ndisaphulike. Anzanga awiri omwe ndinawauza anali atabisa nkhope m'madesiki, mapewa akugwedera.

Nditakhuta, ndinadzuka.

"Agogo, mwataya chani? Taimani ndikuonetseni matsenga a ku Khonjeni."

Ndinalowetsa fulashi. MANDA inalipo. Ndinanyambita chala dala, kalasi inaseka, ndinadina. Kompyuta inandiyankha mawu omwe aja inawayankha iwo.

Ndinadinanso. Kuseka kunayamba kuchepa.

ANakhumwa anaweramira pa sikirini, naloza ndi pensulo pangodya ya chizindikirocho. Panali kamuvi kakang'ono kokhota.

"Ukukaona aka?"

"Eee."

"Iyi ndi shotikati. Ndi chikwangwani choloza njira basi. Wanyamula chikwangwani, mudzi wausiya."

"Ndiye mudziwo..."

"Unautani?"

"Ndinafufuta, agogo. Ndi bini yomwe."

Sanandimenye. Sanakweze ngakhale mawu. Anangofunsa funso limodzi: "Utafufuta, unaikapo china chilichonse pa makinawa?"

"Mpira."

"Ungati?"

"Magemu atatu."

Pamenepo anachita chinthu chimene kwa iwo chinali tchimo loposa kuba. Munthu amene ankatithamangitsa mu labu tikazimitsa kompyuta mosatsata ndondomeko anagwira chingwe n'kuchizula pakhoma, thu! Sikirini inada. Anaifunditsa chitenje, anakokera mpando wawo patsogolo pake, nakhala chotsamira.

Madamu atathamangira, aNakhumwa anawauza kuti aliyense asayerekeze kuyatsa. Kufufuta, anatero, ndi kung'amba dzina m'buku la kapitawo basi. Tiyi amakhala akadali m'munda. Koma buku likangonena kuti malo ano alibe mwini, aliyense wobwera amadzalapo zake, ndipo kompyuta ikakhala yoyaka imangolembalemba tinthu take osapuma. Madamu anafunsa kuti wachita ndani. Iwo anayankha kuti ndi zinthu za makina. Ahedi anamva "makina" n'kumasulira okha kuti vayirasi. Kalasi yonse inaona zimene zinachitika, koma poti mwini wake sananene, palibe ananena.

Masana aNakhumwa anamasula disiki ndi sikuludiraiva, anaikulunga m'jekete lija, koyamba kuwaona ali m'malaya okha, n'kundiuza kuti tiye. Tinakwera kabaza mpaka ku Khonjeni kwa Che Saidi, okonza mafoni ndi makompyuta pafupi ndi msika. Tinapeza atseka, ali ku mzikiti. Tinadikira pakhonde ola lathunthu osalankhulana. Ndikanalola andikwapule kusiyana ndi ola limenelo.

Che Saidi atabwera anamvetsera nkhani yonse akupotokola ndevu, kenako anandiyang'ana.

"Ndiye katswiri wake ndi ameneyu? Mwana iwe, ukadzafuna ntchito usadzabwere pano."

Analumikiza disiki ija ku kompyuta yawo. Anati pulogalamu yawo siwerenga buku la kapitawo; imayenda yokha m'munda, kagawo ndi kagawo, kutola chilichonse chooneka ngati zolemba. Inayenda mpaka dzuwa kupendeka. Mafayilo anayamba kutuluka, koma opanda mayina, manambala okhaokha.

"Mayina anapita ndi buku," anatero Che Saidi. "Muziwazindikira nokha, madala."

ANakhumwa ankangoona munthu woyamba n'kudziwa. "Uyu ndi Mzere 2. Uyu Mzere 11, woyamba ndi mayi uja ankaseka ngati nkhanga." Nkhope yawo inayamba kumasuka. Ine ndinayamba kuwerenga chamumtima, naini, teni, leveni, ndipo ndinali nditayamba kale kukonza momwe ndidzaifotokozere nkhaniyi Lolemba kuti anthu aseke.

Yomaliza inali Mzere 7. Inatseguka bwinobwino. Dzina loyamba, lachiwiri, lachitatu. Kenako timabokosi, timizere, zilembo zachilendo zopanda mutu, tsamba lonse mpaka pansi.

"Izi n'chani?" anafunsa aNakhumwa, ngakhale ankadziwa.

"Umenewo ndi mpira wa mnyamata wanuyu," anatero Che Saidi, ndipo ulendo uno sanaseke. "Mutu wa fayiloyi unali pena, thupi pena. Pamene panali thupipo padzalidwa zina. Apa ngakhale mutapita ku Blantyre, palibe angadzutse."

Mzere 7 uli ndi mitumbira khumi ndi umodzi. Atatu tinawapeza. Asanu ndi atatu anasanduka timabokosi. Bambo a Mayi Rozalina, aAlubetu, anali mwa asanu ndi atatuwo.

Pobwerera ndinamva aNakhumwa akutchula mayina chapansipansi kumbuyo kwa wa kabaza, akuwerenga ndi zala, kufika pachinayi, kuima, n'kuyambiranso.

Loweruka anandituma kuti ndibwere ndi khasu ndi chikwanje. Mayi Rozalina anafika chakum'mawa, mayi wa imvi, wamfupi, atanyamula mtanda wathabwa wopaka utoto woyera, wokulungidwa m'chitenje chatsopano. Analonjerana m'Chilomwe nthawi yaitali. Ine Chilomwe ndimangomva cha kutukwana ndi cha chakudya, koma tsiku limenelo ndinamva zambiri kuposa zimene ndinkafuna.

Titafika pa mzerewo aNakhumwa anavula chipewa.

"Mayi, bambo anu ali mumzere uno. Zimenezo ndikulumbira. Kuyambira mtumbira wachinayi uwu kukafika uko ku bulugamu, mmodzi mwa amenewa ndi iwo. Koma weniweniwo sindikuudziwa."

"Paja munati munalemba?"

"Ndinalemba. Ndataya."

"Mwataya bwanji, bambo?"

Ine ndinali pomwepo, khasu paphewa, mtunda wa mikono iwiri. Ndinatsegula pakamwa. Ndikufuna mudziwe kuti ndinatseguladi. Koma iwo anayankha msanga.

"Ndinasunga malo amodzi. Anandichenjeza, sindinamve."

Ndinatseka pakamwa paja. Pa zonse zimene ndachita pamoyo wanga, kuphatikizapo chule amene ndinaika m'chikwama cha ahedi, chimene chimandiwotcha ndi kutseka pakamwa kumeneko.

Mayiwo sanalire. Anayang'ana mzerewo nthawi yaitali, kenako anapita pa mtumbira wachinayi, anagwada, n'kulankhula motsitsa. Anadzuka, anapita pa wachisanu, anagwadanso. Anatero pa yonse isanu ndi itatu, mawondo akulira, chitenje chikunyowa ndi mame. Pa womaliza ndinamva bwino, chifukwa ananena m'Chichewa: "Mmodzi wa inu ndi bambo anga. Ndine Rozalina, ndakula. Enanu mundikhululukire pokusokosani."

Mtanda uja sanauzike. Anaupereka kwa aNakhumwa ndi manja awiri. "Sindingauike pa munthu wa eni. Mukadzakumbukira, mudzaike."

Atapita, tinatsala awiri. Ndinkadikira mbama, kapena ulendo wa kwa ahedi, kapena wa kwa bambo anga, womwe ndi woopsa kuposa yonse.

"Kuyambira lero," anatero, "ndiwe mdzukulu."

Mtima unatsika. Ndinaseka mpaka. "Zikomo agogo. Ndimayesa mwakwiya."

"Sindikunena mdzukulu wodya nawo m'mbale. Ndikunena wa khasu. Wa kumanda. Loweruka lililonse uzilambula muno. Ukamaliza uzizungulira m'makomboni, ufunse nkhalamba iliyonse amene akukumbukira za Mzere 7. Zimene wamva uzibwera nazo, tilembe."

"Mpaka liti?"

"Yambira apo pali chitsambacho."

Tinayenda choncho miyezi isanu ndi iwiri, iwo kutsogolo ndi pensulo kukhutu, ine kumbuyo ndi khasu. Tinafika mpaka kwa Changata kutsatira gogo wina yemwe kale ankaphika pa maliro a m'esiteti. Dzina sankalilemba pokhapokha anthu awiri osiyana atchule mtumbira womwewo. Ankati dzina lolakwika ndi loipa kuposa malo opanda kanthu, chifukwa malo opanda kanthu amadziwika kuti akufuna munthu. Tinapeza anayi. AAlubetu anthu ankawakumbukira, ankati anali wamtali, woimba malimba. Koma wina ankati wachisanu ndi chimodzi, wina ankati wa pafupi ndi bulugamu, ndipo aNakhumwa anakana kuponya mayere.

Fulashi anagula. Anapita nayo kwa Madamu n'kuiika pa tebulo. Madamu anangowaonetsa momwe angaonere kuti akopera mudzi, osati chikwangwani.

ANakhumwa anadwala masabata awiri okha. Anali atanena kale kuti asadzawatengere kumudzi. Akagone m'mabulugamu momwemo, ndi anthu awo a m'mafayilo. Manda awo ndinakumba nawo, adzukulu akuluakulu anandilola. Lolemba lake ndinatsegula foda ija n'kupanga fayilo yatsopano, Mzere 13. Ndinalemba dzina lawo, mudzi wawo, kuti tiyi sankamwa, kuti ankanyambita chala. Kumanzere kwawo kulibe munthu, kumanjanso kulibe.

Za chilangocho musandimvere chisoni. Loweruka kunyumba ndi tsiku lochapa ndi kuwaza nkhuni, ndipo ine ndimangonyamula khasu n'kunena kuti ndikupita kuntchito ya malemu, amayi sayankha. M'njira muli mapeyala opanda mwini. Ana a Fomu 1 amandipatukira, amati ndimacheza ndi akufa, ndipo ine sinditsutsa. Ngati chimenechi n'chilango, ahedi akanaphunzirako. Vuto lake n'lakuti tsiku lothera sanatchule, ndipo amene akanatchula ali mu Mzere 13.

Mu labu makiyi amasunga Madamu tsopano. Makompyuta safunditsidwanso, kupatula nambala eyiti, imene ndimafunditsa ine. Mpando wawo uli pakona pomwepo, mwendo umodzi womangidwa ndi waya, ndipo palibe amaukhalira ngakhale mipando ikachepa. Pa msomali pali kansalu kopukutira kaja, kouma gwa. Kuseri kwa chitseko kwatsamira mtanda woyera, ukadali m'chitenje chake. Chitseko chikatsegulidwa kwambiri umagogoda khoma kamodzi.

Foda ya MANDA ili malo atatu tsopano. Ukatsegula Mzere 7 upeza mayina asanu ndi awiri, ndi manambala anayi opanda kanthu kutsogolo kwake. Timabokosi tija sindinatifufute. Tili pansi pa tsamba, magemu atatu a mpira amene mpaka lero sindinawaonere.